Mbiri ya Azakhali Ako Usaidule Pakati

Mdzukulu wina wandilembera ali pachisoni. Azakhali ake atisiya atagwira ntchito ya zaumoyo moyo wawo wonse, ntchito imene inkawatengera kumisonkhano ku Nairobi, ku London ndi ku Geneva, komwe kuli likulu la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse. Kutchalitchi sankajomba. Tsopano banja lasankha iyeyo kuti alembe mbiri yowerenga pa tsiku lowakumbukira, koma achibale agawikana. Ena akuti atchule maudindo ndi mayiko onse, anthu adziwe kuti wagona apa ndi munthu wamkulu. Ena akuti za ntchito ndi zapansi pano, angonena kuti anali mayi wopemphera. Funso lake ndi lakuti, "Agogo, ndimvere ati?"

Pepa mdzukulu wanga, Mulungu akutonthoze. Mbali zonse ziwirizi zikufuna kuwadula azakhali ako pakati, ndipo iwe usalole.

M'kalata yako wanena chinthu china mongodutsa, koma ine n'chimene chandigwira mtima. Akuti mutatsegula sutikesi yawo munapeza mapasipoti atatu odzaza zidindo, pamodzi ndi buku la nyimbo lothothoka chikuto, m'kati mwake muli timapepala tokwerera ndege tomwe ankaika posonyeza nyimbo. Timapepala timeneto usataye. Mbiri yonse ukuisakayo ili pamenepo.

Taganiza bwino. Munthu akakhala kwawo, kupita kutchalitchi nthawi zina kumathandizidwa ndi maso a anthu. Ukajomba kawiri, amayi anzako afika kudzakuzonda. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mayi wafika mumzinda wa eni Loweruka usiku, thupi lili lende ndi ulendo, kunja kukuzizira, Lolemba msonkhano ukumudikira. Akagona mpaka masana Lamulungu, adziwa ndani? Ku Geneva anthu amayankhula Chifalansa, mwina ngakhale ulaliki sakaumva. Komabe azakhali ako ankalongedza buku la nyimbo pamodzi ndi mafayilo a ntchito. Wina akakuuza kuti maulendowo ndi chikhristu chawo n'zosiyana, umuonetse bukulo.

Palinso nkhani ina imene achibale sangakuuze poyera. Mwamuna akamakwera ndege timati waona dziko, koma mkazi timamutcha woyendayenda, ndipo mawu amenewa ukudziwa fungo lake. Ena mwa amene akuti ntchito isatchulidwe akuganiza kuti akuteteza ulemu wa malemu. Uwakumbutse mwaulemu za amayi a m'Baibulo lomwe amawerengalo. Pa Machitidwe 16 pali Lidiya, wamalonda wa nsalu zodula za chibakuwa. Kwawo kunali ku Tiyatira, dera lomwe lero lili m'dziko la Turkey, koma Paulo anamupeza kutsidya la nyanja, ku Filipi, m'dziko lomwe lero ndi Greece, atasonkhana ndi amayi anzake m'mbali mwa mtsinje tsiku la Sabata. Atabatizidwa anatsegula nyumba yake, ndipo Paulo ndi Sila atatuluka m'ndende analunjika komweko. Nanga Priskila? Iye ndi mwamuna wake Akula anachoka ku Roma pamene mfumu Klaudio inathamangitsa Ayuda, nakakhala ku Korinto akusoka mahema, kenako anapita ku Efeso, kumene anamutenga Apolo, mlaliki wodziwa kuyankhula, n'kumufotokozera bwino njira ya Mulungu. Olemba sanabise malonda a amayiwa kapena maulendo awo.

Koma nawonso ofuna mndandanda wa maudindo usawatsatire. Ndamvapo mbiri zambiri zomveka ngati kalata yofunsira ntchito: chaka chakuti anakwezedwa, chaka chakuti anapita kwakuti. Anthu amangoyang'ana pansi kudikira kuti zithe. Dorika atamwalira ku Yopa, amayi amasiye anaima pafupi ndi Petro akulira, n'kumamuonetsa malaya ndi zovala zomwe iye anasoka ali moyo. Iwenso peza zovala za azakhali ako. Imbira foni munthu amene anayamba ntchito ali pansi pawo, umufunse zomwe ankachita wina akalakwitsa. Funsa amene ankakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi kuti akabwera ku ulendo ankafika ndi nkhani zotani. Mayiko tchula awiri kapena atatu okha, koma lililonse libwere ndi chimene anakachitako ndiponso amene anapindula nacho.

Usawasandutse mngelo. Ntchito yotere ili ndi mtengo wake, ndipo ndikhulupirira pali maukwati ndi maliro apabanja amene anawapeza ali kutali. Ngati alipo wachibale amene zimamuwawabe, si nkhani yonenera pagulu, koma usaimenso kutsogolo n'kumati sanasowepo pa chilichonse. Amene ankawadziwa adzamva kuti ukunama, ndipo zoona zomwe wanena zidzapepuka nazo. Ukhoza kungonena kuti ntchito inkawachotsa pakati pathu kawirikawiri, ndipo tinkawasowa. Mawu amenewa sanyoza munthu.

Tsono za khalidwe lako iwe. Mkanganowu usauthetsere pa gulu la WhatsApp, pomwe aliyense amalemba mtima uli m'mwamba. Lemba mbiriyo, kenako upite kwa akuluakulu a mbali zonse ziwiri, ukhale pansi, uwawerengere pakamwa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mwina adzakukonza chaka kapena dzina lomwe walakwitsa. Munthu amene wamva mbiri tsikulo lisanafike sachita nayo mkwiyo ikamawerengedwa. Ikhale yaifupi, yosapitirira mphindi 10, chifukwa olira satha kumvetsera nthawi yaitali. Uyeserere kuiwerenga mokweza uli wekha, udziwiretu malo amene mawu angakutsamwe, ndipo pakhale wina pafupi woti apitirize misozi ikakugonjetsa.

Pa tsikulo unyamule buku la nyimbo lija. Yang'ana madeti pa timapepalato, upeze ka ulendo wawo womaliza, uone nyimbo imene kali. Ukamaliza kuwerenga mbiri, uuze anthu mzinda wolembedwa pa kapepalako, kenako upemphe wotsogolera nyimbo kuti ayambitse imeneyo.