Mwambo wa Kale, Ana a Lero: Yankho kwa Mayi wa ku Kasungu

Sabata yatha ndinalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Kasungu, amene ndi wa Chigwirizano cha amayi mu mpingo wake ndipo anapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Nkhani yawo ndi yoti pakhomo pawo mtendere wasowa. Mwana wawo wamkazi wa zaka 17 wayamba kuvala thalauza ndipo sachotsa zomvera m'makutu, pamene mchimwene wake wa zaka 20 wauza bambo ake pamaso kuti sadzavotera chipani chimene banjalo lakhala likuvotera. Bambowo akuti dziko linaonongeka ndi matipate, kuti m'nthawi ya Kamuzu kunali mwambo, ndipo akufuna kulanda mafoni, kuwotcha mathalauza ndi kuletsa nkhani za ndale pakhomopo. Funso la mayiwo ndi lakuti, "Kodi amuna anga akulakwa? Nanga ine monga mkhristu ndiime mbali iti?"

Mayi, ndiyambe ndi kunena kuti nkhawa ya amuna anu ndi nkhawa yanganso, ndipo sindiiona ngati yachikale. Inenso ndine kholo, ndimalera ana m'nyumba yopemphera, ndipo ndikudziwa zimene zimadutsa m'mafoni masiku ano: zithunzi zolaula, mavidiyo a anthu ovina osadzilemekeza, kubetcha mpira kumene kwameza ndalama za fizi za anyamata ambiri, ndiponso mawu achipongwe amene ana akutukwana nawo akuluakulu pa Facebook. Bambo amene amaona zimenezi n'kusowa tulo ndi bambo wosamala. Pamene ndikusiyana nawo ndi pa mankhwala amene asankha, chifukwa mankhwala amenewo dziko lathu linawamwapo kale kwa zaka pafupifupi 30, ndipo tikudziwa zimene anatichita.

N'zoona kuti m'nthawi ya Dr. Hastings Kamuzu Banda mavalidwe ndi zosangalatsa zinali m'manja mwa boma. Mu 1968 kunakhazikitsidwa lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo bungwe lounika zimenezi linkaletsa chilichonse chimene silinagwirizane nacho. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe limene linaletsa amayi kuvala thalauza ndi masiketi osaphimba maondo, ndipo amuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali, moti ngakhale alendo ochokera kunja ankametedwa akafika. Wailesi inali imodzi yokha, ya MBC, ndipo wailesi yakanema ya dziko lino inadzayamba mu 1999, Kamuzu atamwalira kale. Ana a sukulu tinkaloweza ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Amuna anu akamakumbukira misewu yaukhondo ndi achinyamata ogwada popereka moni, sakunama.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dzanja limene linkayeza kutalika kwa siketi ndi lomwelo limene linkaima pachipata cha msika kufunsa khadi ya chipani. Ndikukumbukira ndili mnyamata, mayi anga atasenza dengu la tomato kuchokera kudimba mbandakucha, anabwezedwa pachipata ndi anyamata a yunifolomu yofiira chifukwa khadi anali ataiwala kunyumba. Anyamatawo anali a msinkhu wa ana awo, koma mayi anagwada n'kupepesa, ndipo tinabwerera osagulitsa kanthu, iwo osayankhula mawu ngakhale amodzi njira yonse. Usiku umenewo bambo anatiuza monong'ona kuti nkhaniyi tisakaikambe kusukulu. Mlendo akanafika pakhomo pathu tsiku limenelo akanati pali mwambo, koma chimene chinalipo anali mantha.

Ndipo okhulupirira ndiwo anaona zakuda kwambiri. A Mboni za Yehova, amene ine sindigwirizana nawo pa ziphunzitso zambiri, analetsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula khadi, ndipo mu 1972 zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zawo zitatenthedwa. Amayi omwewo amene lamulo linkati likuteteza ulemu wawo ankatengedwa pa malole kusiya ana ndi minda kukavina pa misonkhano ya chipani, ndipo mwamuna wodandaula ankadziputira mavuto. Boma likadzipatsa mphamvu yolamula chikumbumtima cha munthu pa zovala, silithera pa zovala pokha.

N'chifukwa chake ndimadabwa mkhristu akamanena kuti matipate ndiwo anaononga dziko, popeza amene anatsegula chitseko chimenechi ndi atsogoleri a mipingo. Pa 8 Marichi 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi awo m'dziko lonse, ndipo inakamba poyera za malipiro ochepa a anthu ogwira ntchito, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, kutsekera anthu m'ndende popanda kuzenga mlandu, ndiponso kusowa kwa ufulu woyankhula. Boma linati kalatayo ndi youkira, maepiskopi anafunsidwa ndi apolisi, nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Chaka chomwecho atsogoleri a mipingo ina, Asilamu, maloya ndi amalonda anapanga bungwe la Public Affairs Committee, ndipo pa 14 Juni 1993 pa voti ya riferendamu, ovota pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali, chizindikiro cha matipate, m'malo mwa tambala wakuda wa chipani chimodzi. Anthu amenewa sankamenyera ufulu woti ana athu aziyenda osavala. Ankamenyera kuti mlimi, mphunzitsi ndi mbusa azitha kunena chilungamo osayang'ana kumbuyo, ndipo mwana wanu wamwamuna akamatsutsana ndi bambo ake pa ndale akudya chipatso cha mtengo umene anthu opemphera anabzala.

Tsono pa nkhani ya thalauza, lamulo la 1973 linachotsedwa mu 1993, koma mtima wofuna kulamula mavalidwe ndi chibakera sunathe. Mu Januwale 2012, magulu a anyamata ena ogulitsa malonda m'misewu ya ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu anavula amayi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi pagulu, ati posunga chikhalidwe. Palibe chikhalidwe cha Amalawi chimene chimalola mnyamata kuvula mayi pamsika, ndipo mchitidwe umenewo unali wonyansa kuposa chovala chilichonse chimene amayiwo anavala. Sindikufanizira amuna anu ndi anyamata amenewo. Ndikungoti kuwotcha zovala za mtsikana wa zaka 17 ndi chinthu chimene iye sadzaiwala mpaka kukalamba, ndipo chimene adzakumbukire ndi moto ndi manyazi, osati vesi limene bambo anali nalo m'maganizo.

Vesilo ndikulidziwa, ndi Deuteronomo 22:5, limene limaletsa mkazi kuvala chovala cha mwamuna ndi mwamuna kuvala cha mkazi. Ine ndimalilemekeza, koma tikumbukire kuti m'nthawi imene linalembedwa amuna ankavala mikanjo, osati mathalauza, choncho chimene likuteteza ndi kusiyana kwa mwamuna ndi mkazi, osati msoko wa telala. Anamwino ena, apolisi ndi asilikali achikazi amavala thalauza pa ntchito ndipo palibe amene amawayesa amuna. Kunyumba kwathu tinagwirizana kuti ana aakazi akhoza kuvala thalauza losathina popita kutauni kapena paulendo, koma kutchalitchi, kumaliro ndi kumudzi kwa agogo amavala diresi ndi chitenje, chifukwa kumeneko chovala chimayankhula za ulemu kwa anthu ena. Nyumba ina ikhoza kuika malire pena, ndipo ndi ufulu wa makolo kutero, bola mwanayo auzidwe chifukwa chake ngati munthu wanzeru zake.

Za nyimbo ndikufuna kukhalitsapo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ine ndinalakwitsa. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3 ndinamulanda foni nditamva nyimbo ina imene sinandisangalatse, ndipo kwa miyezi iwiri ndinkadziona ngati ndapambana, mpaka mayi ake atapeza kuti nyimbo zomwezo ankamverabe pa foni ya mnzake pobwera kusukulu. Chimene ndinakwanitsa chinali kungodzichotsa ndekha pa nkhaniyo. Tsiku lina madzulo, magetsi atazima, tinakhala pakhonde ndipo ndinamubwezera foniyo n'kumupempha kuti andiikire nyimbo imene ankaikonda koposa. Itatha ndinamuuza kuti anditchulire mawu ake mmodzimmodzi popanda zing'wenyeng'wenye, ngati akuwerenga kalata. Anayamba molimba mtima, koma atafika pa ndime yachiwiri, pamene woimbayo ankatchula mkazi ngati katundu wogula, anaima, nayang'ana pansi, nati, "Adadi, sindinkamva kuti akunena zimenezi." Sindinamulalikire. Kenako anandiikira ina, yokamba za mnyamata womaliza sukulu amene akuyendayenda ndi mapepala osapeza ntchito, ndipo imeneyo inandikhudza ine kuposa iye.

Kuyambira pamenepo ndinaleka kuweruza nyimbo ndi kalilidwe ka ng'oma zake. Makolo athu nawonso anali ndi nyimbo zapamtondo zodzudzula amuna aulesi ndi apongozi ovuta, ndipo zina zapamowa sizinali zoti mwana amve. Komanso m'dziko muno oimba akhala akunena zimene ena ankaopa kunena. Malemu Lucius Banda, amene anakulira mu Alleluya Band ya ku parishi ya Katolika ku Balaka ndipo anamwalira mu 2024, ankatchedwa Soja chifukwa choimbira anthu osauka. Evison Matafale wa ku Chileka, amene anadzudzula olamula mosabisa, anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, matipate atabwera kale. Mwana amene mwamuphunzitsa kumvetsera mawu adzatha yekha kusiyanitsa nyimbo zotere ndi zachabechabe, ngakhale ali ku koleji kumene inu kulibe. Muyezo umene timagwiritsa ntchito kwathu ndi wa pa Afilipi 4:8, woti tizilingalira zinthu zoona, zolemekezeka, zolungama ndi zoyera, ndipo muyezo umenewu umagwetsanso nyimbo zina zotchedwa zauzimu zimene zimangolonjeza magalimoto ndi kugwa kwa adani.

Nkhani ya mwana wamwamuna ndi yapafupi kuposa mmene ikuonekera. Ali ndi zaka 20, malamulo amamulola kuvota kuyambira zaka 18, ndipo voti ndi yachinsinsi, choncho bambo akamukakamiza adzangomuphunzitsa kunama. Palibe chipani chimene chili mpingo, ndipo kusiya chipani cha makolo si kusiya chikhulupiriro. Dziko lino lalamulidwapo ndi mkulu wa mpingo wa Chipresibateriya, Msilamu, Mkatolika, ndiponso mbusa amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God kwa zaka zoposa 20, ndipo pansi pa aliyense wa iwo alimi anadandaulapo za feteleza ndipo nkhani za katangale zinamveka. Mu 2002 mipingo inalimbana ndi ganizo losintha malamulo kuti pulezidenti apitirire matemu awiri, ndipo inachita bwino, chifukwa inkateteza lamulo osati kuchemerera wandale wina. Chimene bambo ayenera kufunsa mwana wawo si dzina la chipani ayi, koma zifukwa zake: kodi wayang'ana zimene munthuyo anachita, kapena wangotengeka ndi chigawo, anzake, nsalu za chipani, kapena ndalama zogawidwa pokopa mavoti zimene lamulo la zipani la 2018 linaletsa? Ngati mnyamatayo ali ndi zifukwa zomveka ndipo akuziyankhula mwaulemu, ndiye kuti munamulera bwino. Ngati akuyankha mwamwano, mudzudzuleni mwanowo, koma maganizo ake muwasiye.

Malamulo pakhomo akhalepo ndithu, ndipo apa amuna anu muwathandize. Kwathu mafoni onse, kuphatikizapo yanga ndi ya mayi, amalowa m'lichero pa nthawi ya chakudya chamadzulo ndi mapemphero, ndipo mwana wa sukulu sagona ndi foni kuchipinda. Lamulo limene kholo nalonso likulitsatira ana amalimvera mosavuta.

Mwafunsa kuti muime mbali iti. Musatsutse amuna anu pamaso pa ana, ndiponso musabise mathalauza kapena mafoni kumbali, chifukwa mukatero mwagawa nyumba pawiri. Apezeni paokha atadya, muwauze kuti mantha awo mukuwamva, ndipo muwerengere limodzi Aefeso 6, pamene ana akuuzidwa kumvera makolo koma atate nawonso akuchenjezedwa kuti asakwiyitse ana awo. Muwafunsenso, popeza ndi a ku Kasungu ndipo zaka zija anaziona ndi maso, ngati iwo ali mnyamata ankatha kuuza bambo awo zimene zinali mumtima. Akakana kumva za inu, ankhoswe kapena mkulu wa mpingo amene amamulemekeza angathandize. Akavomera, yambani ndi mtsikanayo Loweruka likubwerali, pakhonde, ndi nyimbo imodzi yokha. Ndamva mbali yanu yokha, choncho ngati bambowo angafune kundilembera okha, ndidzawayankha pano ndi ulemu womwewu.