Yankho kwa achimwene pa nkhani ya bolodi laling'ono la windsurfing

Achimwene, uthenga wanu ndaumvetsera kawiri, ndipo ndikuyankha pagulu pompano chifukwa ndi pomwe munafunsira. Mwanena kuti mumalemera makilogalamu 78, kuti bolodi lomwe muli nalo la windsurfing, masewera oyenda pa madzi mutaima pa bolodi lokhala ndi thanga, kukula kwake ndi malita 130, komanso kuti mphepo ikafika liwiro la ma knot 25, omwe ndi makilomita pafupifupi 46 pa ola, bolodilo limadumphadumpha pa mafunde mpaka miyendo yanu kulefuka. Mwanenanso kuti wina akugulitsa bolodi la wave, lokwerera mafunde akuluakulu, la malita 78, ndipo mukufuna kudziwa ngati likukuyenerani. Ine ndikuti musaligule. Bolodi laling'ono mukulifunadi, koma osati laling'ono chotero, ndipo ndikupemphani kuti mumvetsere mpaka kumapeto.

Tiyambe ndi masamu ake, chifukwa ndi osavuta. Lita imodzi ya bolodi imanyamula kilogalamu imodzi pa madzi opanda mchere, ndipo pa madzi amchere imanyamula kuposerapo pang'ono chabe. Bolodi silinyamula inu nokha ayi, limanyamulanso kulemera kwake komwe, komwe ndi makilogalamu 6 kapena 7, limanyamula thanga pamodzi ndi mlongoti ndi boom (chogwirira thanga), zomwe zimafika makilogalamu 9 kapena kuposerapo zikanyowa, ndiponso zovala zanu zonyowa ndi harness, lamba wa m'chiuno wodzikolekera ku thanga. Tikawonkhetsa zonsezi tikupeza makilogalamu pafupifupi 97. Ndiye kuti mukaima pa bolodi la malita 78 mphepo itazilala, lidzamira mpaka madzi kukufikani m'maondo kapena kupitirira, ndipo simudzatha kudzutsa thanga ndi chingwe monga mumachitira panopa. Njira yokhayo yonyamukira idzakhala waterstart, kutanthauza kuti mphepo ikutukuleni kuchokera m'madzi n'kukuikani pa bolodi, ndipo inu mwanena nokha kuti waterstart imakuyenderani bwino mbali imodzi yokha.

Apa ndi pomwe ndikufuna kukhazikika, chifukwa ambiri a ife timasankha bolodi tikuganiza za nthawi yomwe mphepo ili pachimake, n'kuiwala nthawi yomwe yaduka. Mphepo yamphamvu siwomba mofanana tsiku lonse. Imabwera mwamphamvu, kenako imazilala kwa mphindi zingapo, ndipo mphamvu yomwe imakankha thanga imasintha kwambiri kuposa liwiro lake, moti liwiro likatsika kuchoka pa ma knot 30 kufika pa 15, mphamvu yotsala m'thanga imakhala gawo limodzi mwa magawo anayi okha. Thanga la masikweya mita 4.5 lomwe limakukokani mphindi zisanu zapitazo limangokhala ngati nsalu yopanda ntchito m'manja mwanu, ndipo chimene chingakufikitseni kumtunda pa nthawi imeneyo ndi malita omwe ali pansi pa mapazi anu. Ineyo zinandichitikira pamene ndinafulumira kugula bolodi lochepa kwambiri. Mphepo inaduka madzulo ndili kutali, ndinalephera kunyamuka, ndipo ndinasambira nthawi yaitali ndikukoka zida zonse kunja kukuda. Sindikufuna kuti zimenezi zikuonekereni.

Choncho ndikukulangizani kuti muyang'ane bolodi la malita 95 mpaka 100. Ochita masewerawa ambiri amati bolodi loyamba laling'ono likhale la malita ofanana ndi kulemera kwa thupi n'kuwonjezerapo pafupifupi 20, ndipo kwa inu zimenezi zikutipatsa 98, zomwe zikugwirizana ndi masamu tachita aja. Bolodi lotere lidzayandama mokwanira kuti muime n'kuyenda pang'onopang'ono mphepo ikachepa, ndipo zikavutitsitsa mukhoza kudzutsa thanga ndi chingwe, ngakhale kuti mudzagwedezeka kwambiri. Musadere nkhawa kuti mwina kusiyana kwake ndi bolodi lanu n'kochepa. Kutsika kuchoka pa 130 kufika pa 98 ndi kuchotsa malita oposa 30, ndipo masiku oyamba mudzaona ngati mwayambiranso kuphunzira kutembenuka.

Malita okha sakwanira, mtundu wa bolodi nawonso ndi nkhani. Lomwe akukugulitsanilo linapangidwira kukwera mafunde akuluakulu osweka, ndipo pansi pake n'popindika kwambiri kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, kotero limatembenuka msanga pa funde koma limachedwa kuyamba kutsetsereka pamwamba pa madzi, ndipo limafuna munthu wodziwa kulipatsa liwiro ndi mapazi ake. Bolodi la slalom nalonso mulipewe, ngakhale litakhala la malita oyenera, chifukwa ndi la mpikisano wa liwiro, malamba a mapazi ali m'mphepete mwenimweni, ndipo pa madzi owinduka limafuna mphamvu ndi luso zomwe zimabwera patapita zaka. Mtundu wokuyenerani ndi womwe amautcha freewave kapena freestyle wave, womwe uli pakati pa awiriwa. Umanyamuka msanga, pansi pake pali kamsana komwe kamang'amba timafunde m'malo momenyetseka, ndipo m'mphepete mwake ndi mofewa kotero kuti mukalakwitsa pang'ono pochita gybe, kutanthauza kutembenuka mphepo ili kumbuyo kwanu, sukugwetsani nthawi yomweyo. Tabou 3S, Starboard Kode, Severne Dyno ndi Freestyle Wave ya JP Australia ndi ena mwa mabolodi a mtundu umenewu.

Muyang'anenso m'lifupi mwake. Freewave ya malita 95 mpaka 100 imakhala ya masentimita 60 mpaka 62 m'lifupi, pamene bolodi lanu la 130 liyenera kuti ndi la masentimita oposa 70. Kutambalala kumeneku ndi komwe kukukuvutitsani, chifukwa mphepo imalowa pansi pa bolodi n'kulinyamula, ndipo funde lililonse limalimenya ngati chitseko. Chipsepse cha pansi pa bolodi nacho chili ndi mbali yake. Chipsepse chachitali chimatukula bolodi liwiro likakwera, ndipo mabolodi a malita 130 nthawi zambiri amabwera ndi cha masentimita 40 kapena kuposerapo, chomwe ndi chachikulu kwambiri pa thanga laling'ono. Ngakhale musanagule kanthu, mutabwereka chipsepse cha masentimita 32 kapena 34 n'kuika pa bolodi lanulo, n'kusunthira phazi la mlongoti kutsogolo pang'ono, mudzaona kuti lafatsako. Pa freewave, chipsepse chimodzi cha masentimita 24 mpaka 27 chimathandiza kunyamuka msanga ndi kukwera kumene mphepo ikuchokera, pamene zipsepse zitatu zazifupi zimagwira bwino madzi akawinduka kwambiri. Mabolodi ambiri atsopano amalola zonse ziwiri, ndipo ine ndikanakonda muyambe ndi chimodzi.

Malamba a mapazi muwamange m'mabowo a m'kati, ndipo kumbuyo muike lamba mmodzi pakati. Mukatero mumaima mowongoka pamwamba pa bolodi, ndipo phazi lakumbuyo limalowa mosavuta, chinthu chomwe chimachepetsa kwambiri kuponyedwa kutsogolo ndi thanga. Pa ma knot 25, omwe ndi makilomita pafupifupi 46 pa ola, munthu wa kulemera kwanu amafuna thanga la 4.5 kapena 4.7, ndipo mulikoke mokwanira kumunsi kuti nsonga yake yam'mwamba imasuke n'kumataya mphepo yopitirira muyezo. Bolodi labwino lokhala ndi thanga losakokedwa bwino lidzakuvutitsanibe.

Bolodi la 130 musaligulitse, chifukwa masiku a mphepo yapakati ndi ochuluka kuposa a mphepo yamphamvu, ndipo ndi pa bolodi limenelo pomwe mudzamalizire kuphunzira gybe. Waterstart ya mbali yovuta ija muiyeserere pa madzi ofika m'chifuwa mpaka izichitika mosaganizira, ndipo bolodi latsopanolo mukaliyese koyamba tsiku lomwe mphepo ikuwomba mopingasa kapena cholozera kumtunda, osati yochokera kumtunda kupita pakati pa madzi, komanso pali anthu ena okuonani.

Ngati mudzagule logwiritsidwapo kale ntchito, mulidinikize ndi chala chachikulu pakati pa malamba akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo pakakhala pofewa mulisiye, chifukwa ndiye kuti khungu lake lalekana ndi zam'kati. Muyang'ane mphuno yake ngati ili ndi ming'alu yobwera ndi kumenyedwa ndi mlongoti, muone ngati bokosi la chipsepse silikugwedera, ndipo muliike pa sikelo, popeza zam'kati mwa mabolodiwa zimamwa madzi ndipo lolemera kwambiri kuposa momwe opanga analembera liyenera kuti lalowa madzi. Kasikuluwu kotulutsira mpweya kakhale ndi kamphira kake kabwinobwino, ndipo muzikumbukira kukamanga musanalowe m'madzi. Mukapeza lomwe lakusangalatsani, munditumizire zithunzi za pansi pake, za mphuno ndi za pomwe palembedwa malita ndi m'lifupi, ndilione musanapereke ndalama.