Wansembe wa pa thabwa: 1638 mpaka 1662

Mayi ena okhala ku England andilembera imelo. Akuti m'tchalitchi cha Angilikani chimene amapempherako muli thabwa la mayina a ansembe onse amene anatumikirapo, ndipo pali dzina limodzi lomwe silikuwachoka m'maganizo, la bambo amene anakhalapo kuyambira 1638 mpaka 1662. Funso lawo ndi lakuti munthuyu angamulondole bwanji: anachokera kuti, anaphunzira kuti, nanga anachoka chifukwa chiyani?

Zikomo Mayi, funso lanu landifika pamtima. Choyamba dziwani kuti palibe buku limodzi losimba moyo wa wansembe ameneyu. Alembi a bishopu ankalemba zimene bishopu wachita, ndiye munthu wanu amangotulukira pa tsiku lomwe nkhani yake yafika pamaso pa bishopu, kenako n'kuzimiririkanso kwa zaka. Mudzachita kutolatola, uku pang'ono, uko pang'ono.

Yambani ndi Clergy of the Church of England Database, yaulere pa intaneti, yomwe inasonkhanitsa zolembedwa za ansembe kuyambira 1540 mpaka 1835. Mukatero onani mabuku a ophunzira akale: wa Venn ngati anali wa ku Cambridge, wa Foster ngati anali wa ku Oxford. Koma musawameze osatafuna, chifukwa nthawi zina amaphatikiza anthu awiri a dzina limodzi.

Makaundula a dayosizi ndiwo msana wa nkhaniyi, ndipo ambiri amasungidwa kumalo osungira zakale a m'chigawocho. Muli tsiku lomwe anadzozedwa udikoni ndi unsembe. Malamulo a mpingo a 1604 ankafuna kuti dikoni akhale wa zaka 23, wansembe 24, choncho tsikulo likuthandizani kuyerekeza chaka chobadwa. Mulinso tsiku lomwe anapatsidwa parishi ndi dzina la mwini ufulu womusankha, amene kawirikawiri ankakhala mwini malo, koleji kapena mfumu. Mulinso mabuku omwe ankasainamo kuvomereza ziphunzitso 39 za mpingo. Mabuku amenewa ndimawakonda kwambiri, pakuti mumaonamo dzanja la mwini wake. Zambiri zili m'Chilatini, ndiye William adzakhala Gulielmus, John adzakhala Johannes, James adzakhala Jacobus.

Za mmene anachokera, musafufuze pa dzina lake. Pitani pa dzina la amene analowa m'malo mwake. Pamenepo mlembi ankatchula chimene chinachititsa kuti mpando ukhale wopanda munthu: per mortem ngati anamwalira, per resignationem ngati anatula pansi, per cessionem ngati anapita ku parishi ina. Anthu ambiri amadumpha mzere umenewu, komatu yankho limabisala pomwepo.

Chaka cha 1662 chandiimitsa. M'nthawi ya nkhondo yapachiweniweni, nyumba ya malamulo inathetsa udindo wa mabishopu mu 1646, ndipo unabwerera mu 1660 pamodzi ndi ufumu. Pazaka zimenezo makaundula a mabishopu ali zii, ndiye muyenera kupita ku Lambeth Palace Library ku London kumene kuli zolembedwa za boma la nthawiyo zokhudza atumiki a mpingo. Kenako lamulo la 1662 linati pofika pa 24 Ogasiti wansembe aliyense avomereze poyera buku la mapemphero. Kuyambira 1660 mpaka tsikulo, atumiki pafupifupi 2,000 anachotsedwa. Mayina awo ali m'buku la A. G. Matthews lotchedwa Calamy Revised, pomwe amene anathamangitsidwa kale ndi mbali ya nyumba ya malamulo ali m'buku lake lina, Walker Revised. Mwina munthu wanu ndi mmodzi wa iwo, mwinanso anangomwalira chaka chimenecho. Musafulumire kumuveka ulemu wa wozunzika musanaone kaundula wa maliro.

Samalaninso ndi masiku. Mpaka 1752, chaka ku England chinkayamba pa 25 Malichi. Tengani George Herbert, wansembe wa ku Bemerton pafupi ndi Salisbury. Timati anamwalira pa 1 Malichi 1633, koma kwa anthu a m'nthawi yake chinali chikadali chaka cha 1632. Iyeyu anapatsidwa parishi mu Epulo 1630 ali dikoni, unsembe n'kudzalandira mu Sepitembala. Mukaona masiku akusemphana chotere, musathamangire kunena kuti mlembi analakwitsa.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi mayina ofanana. Mukapeza dzinalo m'maparishi awiri pa nthawi imodzi, akhoza kukhala munthu mmodzi wogwira maparishi awiri, zomwe zinkachitika, kapena bambo ndi mwana, kapena anthu osadziwana n'komwe. Fananitsani koleji, digiri, bishopu womudzoza ndi siginecha musanawamange mtolo umodzi. Zaka zake zoyamba, ali wothandizira wansembe wina, ndizo zovuta kupeza. Yesani mabuku a maulendo a bishopu oyendera maparishi, momwe ankaitana mayina a atumiki onse.

Pomaliza funani wilo yake, ku The National Archives ku Kew kapena m'zolembedwa za khoti la dayosizi. Mmenemo mudzakumana ndi mkazi wake, ana ake, mabuku amene anasiya ndi malo amene anapempha kuti akaikidwe. Mukapeza mzere wa wolowa m'malo uja, nditumizireni chithunzi chake, Mayi, tidzawerengere limodzi Chilatinicho.