Funsani Makaniko: Laiti ya ABS ikumangoyaka n'kuzima yokha

FUNSO: Amakaniko, ndithandizeni mutu waima. Ndili ndi pikiapu ya 4x4 yomwe ndimayenda nayo kwambiri m'misewu yafumbi, m'matope, pena kuwoloka nayo timitsinje. Miyezi itatu yapitayo ndinaikweza pang'ono, ndinaikitsa masipulingi ndi mashoko ataliatali. Nde kuyambira mwezi watha kalaiti kachikasu ka ABS kaja kakumayaka ndikamenya mabampu kapena ndikakhota kwambiri, ndikazimitsa injini n'kulizanso kamazima, nditha kuyenda masiku atatu osakaona kenako kabweranso. Ku garaji ina anandisinthira sensa ya kutsogolo kumanzere, ndalama zinapita, patangotha masiku awiri laiti ija ngwee. Pano akuti ndigule kompyuta yonse ya ABS. Ndigule? Ndine wowerenga wanu wosowa mtengo wogwira.

YANKHO: Achimwene, kompyutayo musagule kaye, ndalamazo zikhale m'thumba. Sikuti siiwonongeka ayi, imawonongeka, koma pa nkhani mwafotokozayi ine ndingaikayikire kumapeto kwenikweni. Vuto lomwe limabwera pa bampu n'kuchoka lokha, makamaka galimoto itangokwezedwa kumene, nthawi zambiri limakhala pa waya kapena pulagi, ndipo mwadziyankha nokha osadziwa pomwe mwatchula za masipulingi aja.

Tiyambe ndi mmene ABS, njira yoletsa matayala kuuma mukaponda buleki mwamphamvu, imagwirira ntchito kuti tiyendere limodzi. Pafupi ndi habu ya tayala pamakhala kasensa komwe kamayang'anizana ndi ring'i ya mano, kapena pa magalimoto atsopano ring'i ya maginito yomwe imakhala pa silo ya bering'i. Tayala likamazungulira sensa imawerenga manowo n'kumauza kompyuta liwiro la tayalalo. Mukaponda buleki mwamphamvu tayala lina n'kufuna kuuma, kompyuta imachepetsa n'kubwezera mphamvu ya buleki pa tayalalo kangapo pa sekondi imodzi kuti muzithabe kuwongolera. Njira imeneyi Bosch anayamba kuiika pa Mercedes-Benz S-Class mu 1978, nde si zachilendo. Tsono kompyutayo ndi yamantha, uthenga wa tayala limodzi ukangodukiza olo kamphindi, imazimitsa ABS yonse n'kuyatsa laiti. Mukalizanso injini imadziyeza yokha, yapeza waya wagundananso, basi laiti yazima ngati palibe chachitika. N'chifukwa chake mukafika nayo kwa makaniko galimoto imakhala bwinobwino ngati mwana wodwala yemwe wachira atangoona dokotala.

Choyamba kawerengetseni makodi, manambala omwe kompyuta imasunga ikaona vuto, koma onetsetsani kuti mashini ake ndi owerenga ABS. Timashini tambiri totchipa ta OBD2, towerengera makodi a galimoto, timangowerenga za injini basi, nde tikuuzani kuti palibe vuto pomwe kodi ili phee m'kompyuta ya mabuleki. Pa magalimoto ena C0035 ndi kutsogolo kumanzere, C0040 kutsogolo kumanja, C0045 ndi C0050 ndi kumbuyo, pomwe ena monga Toyota ali ndi manambala awoawo. Apa m'pomwe anthu ambiri amagwera m'mbuna: kodi imakuuzani kuti uthenga wochokera ku tayala lakuti sukufika bwino, siikuuzani kuti sensa yafa. Pakati pa sensa ndi kompyuta pali waya wautali ndi mapulagi, zonsezo zimabweretsa kodi yomweyomweyo.

Musafufute kodi musanailembe. Kenako pemphani mnzanu akhale pampando wa pambali ndi mashiniwo akuonetsa liwiro la matayala onse anayi nthawi imodzi, inu muziyendetsa pa msewu womwe laiti imakonda kuyakira. Matayala atatu akamanena 30 lina n'kugwa pa 0 kenako n'kubwerera pa 30, wakuba wanu ndi ameneyo.

Tsopano za kukweza zija. Waya wa sensa anaupanga wautali mongokwanira mmene galimoto inachokera ku fakitale. Mukaikweza, tayala limatsika kwambiri kuposa kale likalowa m'dzenje, waya uja n'kumakokeka ngati chingwe cha gitala. Kunja pulasitiki imaoneka yabwino koma mkati timawaya ta kopa taduka kale, tikungogundana. Ikani jeke pa chasisi kuti tayala lilendewere mpaka pomwe lathera, ikani masitandi musanalowetse mutu pansi, chonde jeke yokha siidalirika. Khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri mukuyang'ana wayawo. Ukaoneka wakungika kapena ukukhuza tayala kapena mkono wa sasipenshoni, mwapeza. Ugwireni ndi zala, muziupinda pang'onopang'ono kuchokera pa sensa mpaka pomwe walowa m'bodi, pomwe waduka mkati pamamveka pofewa ndipo pamatanuka mukakoka. Sensa yatsopano ija inabwera ndi kawaya kake kafupi, zoona, koma ngati podukapo pali kumtunda kwa pulagi nde munangosintha chinthu chabwinobwino. Ndipo ngati anaimangirira mokoka momwemuja, nayonso ili m'njira yoduka.

Pulagiyo izuleni muione mkati ndi tochi. Galimoto yowoloka mitsinje madzi amalowa, mapini amachita zobiriwira zija, ena amakhwepa osagwirananso bwino. Tsukani ndi sipule yotsukira zamagetsi, iume, pakani ka girisi ka dielectric, kosadutsa magetsi, pa labala, bwezerani mpaka imveke kuti yakhoma. Ndipo potsuka galimoto musamalozetse mpope wa madzi amphamvu uja pa mapulagi, mumakhala mukukankhira madzi mkati nokha.

Ngati muli ndi multimeter, mita yoyezera zamagetsi, mutha kuyeza, koma dziwani kaye mtundu wa sensa yanu. Zakale zija za koyilo ndi maginito zimayezedwa ma ohm, zambiri zimagwera pakati pa 800 ndi 2000, koma chodalirika ndi kufananiza ndi ya mbali inayo kapena buku la galimoto yanu. Siyani mita ili cholumikiza, muzigwedeza waya, nambala ikamadumphadumpha nde waya ndi woduka. Mukaika mita pa AC n'kupukusa tayala ndi dzanja iyenera kutulutsa magetsi pang'ono omwe amakwera mukapukusa mwachangu. Zatsopanozi zimalandira magetsi kuchokera ku kompyuta ndipo zambiri zimatumiza uthenga posinthasintha mphamvu ya magetsi pakati pa 7 mA ndi 14 mA, zimenezo kuziyeza ma ohm simupezapo chanzeru, bola mashini owerenga ABS aja kapena osilosikopu, chida choonetsa mmene magetsi akusinthira.

Waya akakhala bwino, gwirani tayala pamwamba ndi pansi muligwedeze lili m'malere. Likamachita khwekhwerekhwe bering'i yatha, ndipo bering'i yotha imachititsa kuti ring'i izitalikira n'kuyandikira sensa makamaka pokhota, nde uthenga umasowa pakona pokhapokha. Mpata wa pakati pa sensa ndi ring'i ndi waung'ono zedi, pa magalimoto ambiri ndi cha m'ma milimita imodzi kapena kucheperapo, choncho dzimbiri lochepa lomera pansi pomwe sensa imakhala limatha kuikweza n'kusokoneza zonse. Masulani kabauti ka sensayo, izuleni mosamala chifukwa imakonda kuthyokera momwemo, muipukute kunsonga, mudzadabwa ndi timazitsulo tomwe maginito watola tomata ngati ndevu. Palani dzimbiri pa mpando wake mpaka chitsulo chiwale. Suzumirani pabowo mukupukusa habu, muone ngati mano onse alipo, ngati ring'i siinang'aluke, ngati matope sanaume pakati pa mano. Chizindikiro china cha mpata wokula ndi ichi: mukuima pang'onopang'ono pa msewu wouma bwinobwino, pedulo n'kuyamba kunjenjemera yokha ngati muli poterera. Kumeneko ndiye kuti uthenga wafooka pa liwiro lochepa, kompyuta ikuganiza kuti tayala lauma.

Zing'onozing'ono zomwe anthu amaziiwala ndi batire yofooka, mateminolo okhwepa, waya wa ethi wadzimbiri, komanso matayala osiyana saizi. Sipeya yaing'ono pakati pa matayala akuluakulu atatu imazungulira mwachangu ndipo kompyuta imatha kuona ngati vuto.

Pokonza waya ine ndimakonda kusintha chigawo chonse cha pomwe pamapindika. Mukalumikiza pakati penipeni pa popindika ndi soda yowotcherera mawaya ija, pamauma gwaa ndipo padzadukanso pambali pake. Lumikizani pamalo posagwedezeka, vekani heat shrink ya guluu, kachubu kofinyika kakatenthedwa, tepi yakuda ija m'matope siikhalitsa, ndipo ngati mawaya awiriwo anali opotana muwapotenso momwemo. Kenako sunthani mabulaketi kapena ikani owonjezera kuti waya akhale ndi mpata tayala litalendewera. Zonsezi zikakhala bwino koma kodi ikubwerabe, pamenepo m'pomwe tingayambe kukamba za kompyuta.

Kuyenda nayo panopa mutha, mabuleki wamba akugwirabe, koma laiti ikayaka mulibe ABS, ndipo traction control, yoletsa matayala kuzungulira pachabe poterera, imazimanso chifukwa imadalira masensa omwewo, nde siyani mpata wokwanira ndi wakutsogolo. Ikayaka limodzi ndi yofiira ya buleki imani muone mafuta a mabuleki musanapitirize.

FUNSO: Bambo makaniko, yanga laiti ya ABS imayaka ndikangoloka difu, ndikamasula imazima. Ndi sensa imeneyo?

YANKHO: Ayi ndithu, pa ma 4x4 ambiri anachita kupanga choncho. Difu ikalokedwa matayala amakakamizika kuzungulira limodzi, nde kompyuta singathe kulamulira lililonse palokha, imangodzizimitsa n'kukudziwitsani ndi laitiyo. Land Cruiser 80 yokhala ndi ABS imachita zomwezo mukaloka difu ya pakati. Muzidandaula pokhapokha ngati mwamasula, mwayendako pang'ono, koma laiti ikukakamirabe, apo yambani ndi kaswichi ka pa difu komwe kamanena kuti yaloka kapena yamasuka, nakonso kamakhala m'matope momwemo.