Achimwene anu asasiye mesalazine chifukwa cha ma probiotic

Achemwali, mwati madokotala ku Johannesburg anawapeza achimwene anu ndi ulcerative colitis, matenda otupitsa matumbo aakulu mpaka kuchita zilonda, ndipo achimwenewo akufuna kusiya mesalazine, mankhwala ochepetsa kutupako, kuti azimwa makapisozi a mabakiteriya abwino (ma probiotic) ogula kufamase. Chonde asasiye.

Mabakiteriya amenewa alipo amitundumitundu, ndipo amene anayesedwa bwino pa matendawa ndi ochepa. Wodziwika ndi E. coli Nissle 1917, amene Alfred Nissle anamupeza m'chimbudzi cha msilikali wa ku Germany yemwe sankatsegula m'mimba anzake akudwala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Kafukufuku amene anatuluka mu 2004, wa odwala 327, anasonyeza kuti bakiteriya ameneyu amaletsa matenda kuyambiranso mofanana ndi mesalazine. Komabe pakutha kwa miyezi 12, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anadwalanso, mbali zonse ziwiri: omwa bakiteriyayo ndi omwa mesalazine. Ndipotu awa anali anthu amene matenda anali atagona kale, osati amene akuonabe magazi akapita kuchimbudzi.

Palinso VSL#3, wosakaniza mitundu 8, amene anathandiza kwambiri anthu oti anachotsedwa matumbo aakulu kenako kathumba kamene madokotala anawakonzera m'kati kakutupa. Pa matenda a Crohn, amenenso ndi otupitsa matumbo, ma probiotic sanaonetse phindu. Poona kuti umboni ndi wosakwanira, mu 2020 bungwe la madokotala a matenda a m'mimba ku America, la American Gastroenterological Association, linati pa colitis ndi Crohn azigwiritsidwa ntchito pa kafukufuku pokha.

Ndiye botolo lakufamase lija, lolembedwa kuti muli mabakiteriya mabiliyoni, likhoza kukhala lopanda ngakhale mtundu umodzi mwa yoyesedwayo. Chambiko ndi yogati adye ngati sizikuwavuta m'mimba, koma amenewo si mankhwala.

Ngati mtima uli pomwepo, atenge botololo akawaonetse adokotala awo, awerengere limodzi dzina la bakiteriya, aone ngati angamwe moonjezera pa mesalazine. Ngati akumwanso prednisolone kapena azathioprine, asayambe okha ayi, pakuti mankhwala amenewa amafooketsa chitetezo cha m'thupi ndipo mabakiteriya amoyo akhoza kulowa m'magazi. Akawauzenso adokotalawo ngati anadwalapo TB kapena likodzo kumudzi kuno, chifukwa matenda awiriwa akagwira matumbo, zizindikiro zake zimasokonezeka ndi za colitis kapena Crohn.