Pulojekiti ya cognitive radio: yambani ndi kuyeza mafunde

Funso: Ndili chaka chomaliza cha uinjiniya wa zamatelefoni ku MUBAS ndipo ndikufuna pulojekiti ya cognitive radio. Ndiyambire pati, nanga ntchito zake zilipo?

Yankho: Wailesi yotereyi imayamba yamvetsera kaye ngati mwini laisensi akuulutsa pa tchanelo. Ikapeza kuti palibe imalowapo, mwiniyo akabwerera imachoka. Dzinali analibweretsa ndi Joseph Mitola mu 1999. Kwathu kuno si nkhani yachilendo: mu 2013 Chancellor College, MACRA ndi bungwe la kafukufuku wa sayansi la ICTP la ku Trieste, ku Italy, anayesa kupereka intaneti ku Zomba kudzera m'matchanelo a TV amene ankangokhala.

Musathamangire kupanga wailesi yosankha yokha tchanelo, miyezi ya pulojekiti siingakwane. Yambani ndi kuyeza. Pezani RTL-SDR, kachipangizo kolandira mafunde a wailesi kolowetsa pa USB, ndi pulogalamu ya GNU Radio kapena rtl_power. Kamaona pafupifupi 2.4 MHz nthawi imodzi, pamene tchanelo imodzi ya TV ndi 8 MHz, choncho matchanelo 28 a pakati pa 470 ndi 694 MHz muziwayendera chigawochigawo, usana ndi usiku, m'malo angapo.

Ambiri amaphonya pa malire osiyanitsa siginolo ndi phokoso. Chotsani eriyo, ikanipo chotsekera cha 50 ohm, muyeze phokoso la chipangizo chenichenicho, kenako malire muwaike pamwamba pake pang'ono. Mukawatsitsa kwambiri, matchanelo onse azioneka odzaza. Mukawakweza, mutaya siginolo zofooka. Zimitsaninso AGC, yomwe imakweza kapena kutsitsa yokha mphamvu ya siginolo yolandiridwa, apo ayi zomwe mwayeza lero sizingafanizidwe ndi za mawa.

Palinso vuto limene oyesa mayeso amakonda kufunsa. Muli kuseri kwa phiri la Soche simungamve woulutsa, koma TV ya munthu wina cha kumtunda ikumulandira bwinobwino, ndipo inu mukangoulutsa mwamusokoneza. N'chifukwa chake CBRS, njira ya ku America yogawana mafunde a 3550 mpaka 3700 MHz, imadalira kompyuta yogawa matchanelo, osati khutu la wailesi iliyonse payokha. Inuyo musaulutse m'matchanelo a TV popanda chilolezo cha MACRA.

Za ntchito, musayembekezere kuona malonda olembedwa "cognitive radio". Luso limeneli limafunika pokonza mapulani a netiweki ku Airtel kapena TNM, poyang'anira mafunde ku MACRA, ndi pa kafukufuku wa digiri yachiwiri. Limbikirani masamu a Fourier, probability ndi Python.