Pulani yokweza sukulu: zoyang'ana ndi zolemba mu lipoti

Ahedi, mwafunsa kuti poti sukulu yanu yaikidwa m'gulu la sukulu zosakhoza bwino, ndipo pulani yokonzera zinthu munalemba kale, mudziwa bwanji kuti ikuyenda, nanga mu lipoti la teremu iliyonse lomwe a ku ofesi akufuna muzilembamo chiyani. Ndaona kuti anzathu ena muno akutumizirani kale mafomu. Asungeni, adzagwira ntchito yake. Koma fomu ikhoza kudzaza bwinobwino, sitampa n'kudindidwa, ana ali pomwe analipo.

Zimenezi zinaonekera poyera ku India, m'chigawo cha Madhya Pradesh. Boma la kumeneko linayambitsa ndondomeko yoyendera sukulu, kuzipatsa magiredi, kenako sukulu iliyonse n'kulemba pulani yakeyake. Akatswiri awiri a zachuma, Karthik Muralidharan ndi Abhijeet Singh, anatsatira sukulu 1,774 zomwe zinasankhidwa mwamaere kuti ziyambe. Anapeza kuti pafupifupi sukulu zonse zinayenderedwa ndipo magiredi ake ankanena zoona. Koma kayendetsedwe ka sukuluzo sikanasinthe, nawonso ana sanayambe kukhoza bwino. Chodabwitsa n'chakuti akuluakulu anaiona ndondomekoyo ngati yopambana, mpaka inafalikira ku sukulu zoposa 600,000 m'dziko lonselo. Ankawerenga mapepala omwe afika, ndipo mapepalawo ankafikadi.

Ndiye poyamba, tengani pulani yanuyo muwerenge zolinga zomwe zilimo. Ngati zikupitirira zinayi kapena zisanu, dulani. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mapulani ambiri amakhala ndi zonse: kumanga zimbudzi, kukweza masamu, kuthetsa kujomba, kuyambitsa makalabu, kubzala mitengo. Zonsezo n'zabwino, koma munthu mmodzi amene alinso ndi kalasi yake yophunzitsa sangazilondoloze zonse. Sankhani zitatu zomwe zikukhudza mwachindunji chifukwa chimene ana akulepherera, ndipo pa chilichonse lembani dzina la udindo wa munthu amene adzayankhe, ndi tsiku. Mawu akuti "aphunzitsi onse adzaonetsetsa" amatanthauza kuti palibe adzaonetsetse.

Pa cholinga chilichonse pali mafunso atatu osiyana, ndipo malipoti ambiri amathera pa loyamba. Loyamba ndi lakuti, kodi zimene tinati tichita tachita? Msonkhano wa aphunzitsi unachitika, mabuku anagawidwa, makolo anaitanidwa. Limeneli n'losavuta, silifuna kutayapo nthawi. Lachitatu ndi lakuti, kodi ana akutha zimene sankatha? Lachiwiri, lomwe limadumphidwa, ndi lakuti, kodi m'kalasi mwasintha chiyani?

Funso lachiwirili ndi limene lingakupulumutseni, chifukwa zotsatira za ana zimachedwa kuoneka, pomwe za m'kalasi mumaziona sabata yomweyo. Ngati aphunzitsi anaphunzitsidwa njira yatsopano yophunzitsira kuwerenga, lowani m'kalasi muone ngati ikugwiritsidwa ntchito. Musalowe ndi fomu yaitali ngati mwabwera kudzazenga mlandu. Khalani kumbuyo mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, muyang'ane chinthu chimodzi chokha chimene munagwirizana. Potuluka tolani makope asanu, osati a ana okhala kutsogolo amene mphunzitsi angakusankhireni, koma mwachisawawa. Kope silinama. Limakuuzani masiku angati ana analemba ntchito, liti mphunzitsi anachonga komaliza, ndiponso ngati mwana amene analakwa anauzidwa pomwe analakwira kapena anangopatsidwa mtanda. Sikimu, ndondomeko ya zimene mphunzitsi akonza kuphunzitsa, imatha kulembedwa usiku umodzi alendo akamabwera, koma makope a kalasi yonse sangakonzedwe choncho.

Yang'ananinso nthawi. Belu likalira, padutsa mphindi zingati phunziro lisanayambe? Pa mapiriyodi a tsikulo, ndi angati amene anaphunzitsidwadi? Mphunzitsi akhoza kusaina buku la ofika m'mawa koma kalasi yake n'kukhala yokha theka la tsiku. Kuyendayenda pa nthawi zosiyanasiyana, n'kumangolemba kuti makalasi akuti muli mphunzitsi, akuti mulibe, kumapereka chithunzi choona kuposa buku losainamo. Chimodzimodzi kaundula wa ana: chiwerengero cha sukulu yonse chimabisa zambiri. Chofunika ndi mayina a ana amene akujomba mobwerezabwereza, chifukwa amenewo ndi amene adzasiyire sukulu panjira.

Tsopano za ana enieniwo. Musadikire mayeso a boma a kumapeto, amabwera kamodzi pachaka ndipo amakuuzani za ana amene akutuluka kale. Pamafunika kamuyeso kanu kakang'ono. Bungwe la Pratham ku India lakhala likugwiritsa ntchito, kuyambira 2005, pepala limodzi lokha pa kafukufuku wake wotchedwa ASER. Mwana mmodzimmodzi amapatsidwa kuti awerenge zilembo, kenako mawu, kenako ndime yaifupi, kenako kankhani, ndipo amalembedwa pamlingo umene wafika. Kwa mwana mmodzi zimatenga mphindi zochepa. Mukhoza kupanga lanu m'chilankhulo chimene ana amaphunzirira, ndi lina la masamu. Yezani tsopano, musanapite patali ndi pulani, kuti mukhale ndi poyambira. Popanda poyambira, kumapeto kwa chaka mudzangoti "zikuoneka kuti zasintha", ndipo wina akadzatsutsa simudzakhala ndi choyankha. Woyeza asakhale mphunzitsi wa kalasi yomweyo, asinthane makalasi. Sikuti tikumukayikira, koma aliyense amamuthandizako mwana wake akamadodoma.

Pali misampha iwiri pa manambala. Woyamba ndi wosangalatsa, n'chifukwa chake anthu safuna kuumva. Sukulu imene yaikidwa pansi chifukwa cha zotsatira za chaka chimodzi, kawirikawiri chaka chotsatira imakwerako ngakhale pasachitike chilichonse, makamaka ngati ana olemba mayeso ndi ochepa. Mwina chaka chimenecho kunali matenda, kapena kalasiyo inangokhala yofooka. Ku Chile, boma linayamba mu 1990 kuthandiza sukulu pafupifupi 900 zotsalira, ndondomeko yotchedwa P-900. Zotsatira zinakwera ndithu, koma ofufuza atabwereranso ku manambalawo anapeza kuti gawo lalikulu la kukwerako linali kungobwerera pamene sukuluzo zinkakhala nthawi zonse. Phindu lenileni linalipo koma laling'ono. Choncho chaka chamawa mukakwera, kondwerani pang'ono, koma yerekezani ndi zaka zitatu kapena zinayi zam'mbuyo.

Msampha wachiwiri ndi woopsa. Nambala imodzi ikasanduka chinthu chimene anthu angachotsedwere ntchito, anthu amayamba kukonza nambalayo. Ku Atlanta, ku America, kafukufuku wa boma wa 2011 anatchula aphunzitsi ndi mahedi 178 m'sukulu 44 kuti anakhudzidwa ndi kubera mayeso, ena mpaka kufufuta mayankho olakwika a ana n'kulemba olondola. Mu 2015 khoti linapeza 11 olakwa. Sizimafika pamenepo nthawi zonse. Njira yofala ndi yachete: kubwerezetsa kalasi ana ofooka kuti asalembe mayeso, peresenti ya okhoza n'kukwera. N'chifukwa chake mu lipoti lanu, pambali pa peresenti, muzilemba nthawi zonse kuti ana anayamba chaka ndi angati, analemba ndi angati, ndipo otsalawo ali kuti. Atsikana paokha, anyamata paokha.

Lipotilo lisapitirire masamba awiri. Pa cholinga chilichonse lembani pomwe munayambira, pomwe mwafika, umboni wake, ndi chimene muchite teremu ikubwerayi. Chimene sichinatheke lembani kuti sichinatheke, ndi chifukwa chake. Ndikudziwa kuti pamenepa mitima imagunda, poti palibe amafuna kudzinenera yekha kwa abwana. Koma lipoti loonetsa zabwino zokhazokha lochokera ku sukulu yomwe aliyense akudziwa kuti ili pamavuto, wowerenga wanzeru salikhulupirira, ndipo limakutsekerani khomo lopemphera thandizo. Mungapemphe bwanji mphunzitsi wina mutalemba kuti zonse zili bwino?

Ikani ndime yomaliza ya zimene sukulu singathe payokha: aphunzitsi operewera, mabuku omwe sanafike, ndalama zochedwa. Lembani tsiku limene munapempha, ndipo teremu yotsatira mubwerezenso ngati sanayankhe. Kulondoloza kusamangoyang'ana pansi pokha. Alangizi akabwera kudzayendera, apempheni kuti asathere mu ofesi mwanu kuona mafayilo, alowe m'kalasi, ndipo asanachoke asiye zinthu ziwiri kapena zitatu zolembedwa zomwe adzayambire ulendo wotsatira.

Makolo ndi komiti ya sukulu asamve za lipotili pamphekesera. Auzeni m'mawu osavuta, monga akuti pa ana khumi alionse a kalasi yakuti, amene amatha kuwerenga kankhani analipo angati poyamba ndipo pano alipo angati. Mayina a ana kapena a aphunzitsi asatchulidwe pagulu. Nawonso aphunzitsi aone lipoti lisanatumizidwe, chifukwa akamva kuti limalembedwa mseri za iwo, ulendo wotsatira mukalowa m'kalasi mudzaonetsedwa sewero.

Za nthawi, musalole kuti wina akupanikizeni kuti zonse zisinthe m'teremu imodzi. Ngakhale lamulo la ku America la 2015, lomwe limalamula maboma a zigawo kutchula sukulu zotsalira kwambiri, limalola mpaka zaka zinayi boma lisanachitepo zokhwima. M'teremu yoyamba muyembekeze kuona mapiriyodi ambiri akuphunzitsidwa ndi makope akuchongedwa. Kuwerenga kwa ana a makalasi oyambirira kukhoza kuyamba kusuntha chaka chisanathe. Mayeso a kumapeto ndi amene amatsalira. Mukafuna, lembani pano zolinga zitatu zomwe mwasankha, tithandizane kupeza chizindikiro choyenera chilichonse.